Chidindo cha Lolemba

Ndinapita ku Chama ndi digiri ya mbiri yakale m'sutukesi, nditaikulunga m'chitenje cha amayi kuti isapindike. Munali chapakati pa zaka za m'ma 1990, nthawi imene boma linkachotsa anthu ntchito m'malo mowalemba. Kwa zaka ziwiri ndinali nditapondaponda m'maofesi a ku Lusaka mpaka zidendene za nsapato kutha. Kosungira zinthu zakale anati malo kulibe. Kosungira makalata a boma anati ndidzayesenso chaka chamawa. Bambo wina wa pakampani ina anayang'ana pepala langa, kenako n'kuyang'ana ine, n'kufunsa mwaulemu ndithu kuti, "Manje mbiri tizachita nayo chani kuno?" Bamboyo ndinamusungira mkwiyo kwa zaka zambiri chifukwa funso lake linali loona.

Ntchito imene inatsala inali ya choko. Koma nayonso inali ndi mfundo yake yovuta kumasula. Digiri yanga inali ya mbiri yokhayokha, yopanda maphunziro a kaphunzitsidwe, ndipo pamaso pa unduna munthu wotero si mphunzitsi, ngakhale atadziwa mafumu onse a pansi pano ndi agogo awo omwe. Anandilemba mongoyembekezera. Pakalata yanga panalembedwa kuti ndine mphunzitsi wosaphunzira uphunzitsi, ndipo mawu amenewo ndinkawamva ngati mwano. Mkulu wina wa ku ofesi ya maphunziro ku Chipata anandifotokozera njira yake momveka bwino. Anati ndikaphunzitse chaka chimodzi kusukulu imene ena akuikana. Woyendera sukulu adzabwera kudzandiona m'kalasi, ndipo akakhutira adzandilembera kalata yondiloleza kukachita maphunziro a uphunzitsi a chaka chimodzi. Ndikatero ntchito idzakhala yanga mpaka kukalamba. Koma kalatayo ikadzalephereka, tsiku limene kudzapezeke mphunzitsi wa mapepala okwanira, ine ndidzanyamule sutukesi yanga.

Sukulu imene ena ankaikanayo inali kumbali ya Tembwe. Ndinakwera lole kuchoka ku Lundazi mpaka paboma pa Chama, ndipo kuchoka apo ndinakhala pamwamba pa matumba m'ngolo ya thirakitala. Unali mwezi wa Seputembala. Kwathu n'ku Katete, ndipo ndinkadzitama kuti kutentha ndimakudziwa. Chigwa cha Luangwa chinandiseka tsiku loyamba lomwelo.

A hedi a pasukulupo anali bambo wamfupi wa imvi, mkulu wa mpingo, wa tayi imodzi yofiirira imene sinkapuma ngakhale mu Okutobala. Satifiketi yawo ya uphunzitsi anaitenga ine ndisanayambe kukwawa. Kunyumba ankalankhula Chisenga, pamzere wa m'mawa Chingerezi, ndipo ndi ine ankalankhula Chinyanja, pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda ndi nsapato zobwereka. Anali ndi lamulo limodzi limene aphunzitsi onse ankalidziwa. Lolemba lililonse, belu lisanalire, mphunzitsi aliyense ankapita ku ofesi ndi buku lake la mapulani, mmene ankalembamo zimene akaphunzitse mlungu umenewo. A hedi ankawerenga, kusaina, kenako n'kudinda ndi chidindo chokhala ndi deti. Inki ya chidindocho inali itauma kalekale, moti ankayamba adonthezerapo timadzi ndi chala.

Lolemba langa loyamba ndinapita monyadira. Ndinali nditalemba masamba anayi okhudza mmene makolo akale anaphunzirira kusula chitsulo, zinthu zimene ndinkadziwa kuti m'chigwa chonsecho palibe wina akanazilemba. A hedi anawerenga mpaka kumapeto, akutsatira mzere uliwonse ndi chala. Kenako anatenga cholembera chofiira n'kulemba mizere itatu patsamba loyamba. Anati palibe cholinga cha phunziro, nthawi sinagawidwe, ndipo mafunso ofunsa ana palibe.

"Madamu, mbiri muidziwa, icho sinikana," anatero. "Manje apa mwalemba vamene imwe mudziwa. Lembani vamene mwana azadziwa belu ikalira. Mukakonza mubwerese nidinde."

Zaka zinayi za ku yunivesite, mabuku onse aja, kuti ndidzalembedwe ndi inki yofiira ngati mwana wa giredi 5, ndi munthu amene Lusaka ankangoimva pawailesi! Ndinatenga buku langa, n'kunena zikomo wa pamwamba pa lilime, n'kutuluka. Sindinakonze kanthu. Lolemba lotsatira ndinadutsa pakhomo pa ofesi ndi choko m'manja, maso kutsogolo. Ndinkayembekezera kuti andiitanitsa, ndipo ndinali nditakonzeratu mawu okawayankha. Sanandiitanitse. Ine ndinaona ngati ndapambana.

Aphunzitsi anzanga anandipatsa dzina lakuti Ba Digiri. Ankalitchula akumwetulira, ndipo sindinkadziwa ngati ndi ulemu kapena chipongwe. Lero ndikuganiza kuti zinali zonse ziwiri, ndipo kuti ndinalifuna ndekha. Nthawi yopuma iwo ankakhala pansi pa mtengo wa mango akuseka m'Chisenga ndi m'Chitumbuka. Ndikayandikira ankasinthira ku Chinyanja, n'kundifunsa za moyo, ndipo nthabwala ija inkafera pomwepo. Ndinkaona kuti ndikuwavutitsa, choncho ndinayamba kutsala m'kalasi. Kumjigo amayi ankandipatsa moni wabwino, n'kundipatsa malo kuti nditunge msanga, chifukwa madamu saima pamzere. Ine ndinkalakalaka kuima pamzerepo, kuti mwina ndimveko nkhani ya wina. Kutchalitchi ndinkaimba nyimbo zimene maimbidwe ake ndinkawadziwa koma mawu ake ayi.

Ndinali wosungulumwa, ndipo palibe njira ina yonenera zimenezi. Mvula itayamba mu Disembala msewu unaduka, timitsinje tonse tinadzaza, ndipo patchuthi sindinathe kupita kwathu. Makalata a amayi anasiya kufika. Mabatire a wailesi anatha mu Januwale, ndipo mpweya wake wotsiriza ndinaumvera nditaika khutu pawailesipo. Panali masiku a Loweruka amene dzuwa linkalowa ndisanatsegule pakamwa. Nthawi zina ndinkadzilankhulitsa ndikusesa, m'Chichewa cha kwathu, kungofuna kumva kuti chikadalipo.

M'miyezi imeneyo buku la mapulani lija linasanduka mnzanga. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde, miyendo pamwala, n'kumalemba mpaka kuwala kutachepa. Ndinkalemba za Amaravi, za kubwera kwa Angoni, za amalonda a minyanga amene ankadutsa m'chigwa chomwecho, za migodi ndi amuna amene ankapita kukagwira ntchito kutali osabwerako. Zonse zimene ndikanauza munthu nditakhala naye, ndinkauza bukulo. Litadzaza ndinasokererapo lina ndi ulusi wa thumba la feteleza. Pang'onopang'ono, osavomera ngakhale mumtima mwanga, ndinayamba kulembamo mafunso ofunsa ana, chifukwa ndinaona kuti ndikangolankhula ndekha theka la kalasi linkasinza. Ndinayambanso kugawa nthawi, popeza belu linkandipeza ndili pakati pa nkhondo. Zimene a hedi analemba ndi inki yofiira ndinazichita zonse, koma ndinkati ndazitulukira ndekha. Ku ofesi kokha sindinapite.

Lolemba lililonse chitseko cha ofesi chinkakhala chotsegula. Kuchoka pakalasi yanga kufika pamenepo panali mapazi osapitirira makumi awiri. Ndinkamva chidindo chikugunda patebulo, kamodzi pa mphunzitsi aliyense, ndipo ndinkafufuta bolodi mwamphamvu kuti ndisachimve.

Mvula inatha, msewu unauma, ndipo mu Meyi uthenga unabwera pawailesi ya kuchipatala kuti woyendera sukulu afika Lachinayi. Ndinasangalala. Ndinatulutsa diresi yanga ya buluu n'kuisita ndi simbi yamakala. Lachiwiri masana, ndikutunga madzi, anandipeza mayi wina wophunzitsa masamu, Mtumbuka wa ku Lundazi, amene nyumba yake inayang'anizana ndi yanga. Mayiyu anali atanditumizirapo ndiwo za chibwabwa, masamba a maungu, kangapo, ndipo ine ndinkabweza mbale yopanda kanthu. Anatula ndowa yake n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ba Digiri, nifunseko. Buku yanu ili na vidindo?"

Ndinati ilibe, ndipo ndinawonjezera kuti woyenderayo akubwera kudzaona ine, osati inki.

Mayiyo anagwira pakamwa. "Mayo ine. Ba inspekita choyamba ni buku. Afuna kuona ngati ba hedi enze kukuonani chaka chonse. Kopanda vidindo ni monga simunaphunzise. Ise tenze kuganiza kuti imwe ba digiri muli na lamulo yanu."

Ndowa inasefukira ine ndikungopopa. Aliyense pasukulupo ankadziwa zimenezi, ngakhale mphunzitsi wa giredi 1. Palibe anandiuza chifukwa ndinali ndisanafunsepo aliyense kanthu chifikireni. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditalidya miyezi isanu ndi itatu ndikuliyesa uchi.

Lachitatu m'mawa ndinayenda mapazi makumi awiri aja. A hedi anali akusongola pensulo ndi lezala. Ndinaika buku patebulo, lonenepa ngati Baibulo la paguwa, ndipo ndinapempha kuti adinde masabata onse a m'mbuyo. Ndinati chidindo chili ndi timagudumu, deti imabwerera. Ndinati palibe adzadziwe.

Anayang'ana bukulo nthawi yaitali osalikhudza.

"Madamu, deti ibwerera, zoona," anatero. "Manje nikadinda Okutobala lero, nikamba kuti ninaona buku mu Okutobala. Sininaione. Zaka zonse izi sininadindepo chinthu chamene sininaone. Siningayambire pali imwe."

Ndinawauza kuti ntchito yanga ili m'manja mwawo. Ndinawauza za amayi, amene anagulitsa mtedza zaka zambiri kuti ine ndifike pamene ndinafika. Ndinalira, ine amene ndinali ndisanawagwadirepo popereka moni. Anandimvera mpaka kumaliza, nkhope yawo ikuoneka kuti ikumva kuwawa, koma dzanja silinapite kuchidindo. Anangoti adzanena zoona zokhazokha, zabwino ndi zoipa zomwe. Ndinatola buku langa n'kumenyetsa chitseko, ndipo laimu wa pakhoma anagwa pansi.

Woyenderayo anafika Lachinayi cha m'ma teni, pagalimoto yodzaza fumbi. Anali bambo wamtali wooneka wotopa, amene anali atagona panjira masiku awiri. Inali nyengo imene mpunga umacha, ndipo ana ambiri anali kumadimba kukaingitsa mbalame, moti m'kalasi ya giredi 8 munali ana khumi ndi atatu okha. Bamboyo anakhala kumbuyo pabenchi, mawondo atafika pachifuwa.

Ndinaphunzitsa za malonda a minyanga ya njovu. Ndinayamba ndi kufunsa kuti ndani njovu zinamudyera chimanga chaka chimenecho, ndipo manja onse anakwera. Kuchoka pamenepo tinayenda limodzi mpaka kwa amalonda ochokera kunyanja yamchere, nsalu ndi mikanda zimene ankabweretsa, ndi anthu amene ankasenza minyanga ija osabwereranso kwawo. Ana amene masiku onse ankangoyang'ana pansi anayamba kutsutsana okhaokha, Chingerezi chikawathera n'kumalizira m'Chisenga. Woyenderayo anaseka kawiri. Belu linalira ine nditangomaliza funso lotsiriza. Pa maphunziro onse amene ndinaphunzitsapo, limenelo linali labwino koposa, ndipo ndinadziwa zimenezo ndikufufuta bolodi.

Tinakakhala mu ofesi atatu, woyenderayo, a hedi ndi ine. Woyenderayo anati phunziro lamusangalatsa kwambiri, ndipo mtima wanga unayamba kukhala m'malo. Kenako anatambasula dzanja n'kupempha buku. Ananyambita chala, n'kutsegula tsamba loyamba pamene panali inki yofiira. Anapitirira, tsamba ndi tsamba, mpaka kumapeto, n'kubwereranso.

"Vidindo vili kuti?" anafunsa, akuyang'ana a hedi.

"Sanabwerese," a hedi anayankha. "Aphunzisa bwino, ana awakonda, sanalovepo ku nchito olo siku imozi. Koma buku sininaione kuchokera Seputembala."

Woyenderayo anavula magalasi n'kutikita m'maso. Anandionetsa fomu yake. Panali malo ofunsa ngati munthuyo wagwira ntchito moyang'aniridwa ndi mkulu wa sukulu chaka chonse, ndipo umboni wake unali buku losainidwa. Anati munthu wosaphunzira uphunzitsi amaloledwa kuima pamaso pa ana pokhapokha ngati wina wodziwa ntchitoyo akumuona sabata ndi sabata.

"Ine naona phunziro imozi, madamu," anatero. "Boma ifuna kuona chaka. Ningabwere futi chaka chamawa, ngati malo yazankala yakalipo."

Anamwa madzi, n'kukwera galimoto yake, n'kupita cha ku Chikwa kumene ankayembekezeredwa. Ine ndinapita kunyumba n'kuvula diresi ya buluu ija.

Munthu wanzeru akanayamba kupita ndi buku Lolemba lotsatira. Ine ndinasankha kukwiya. Ndinkati a hedi andiphera tsogolo chifukwa cha nsanje ya digiri, ndipo ndinkawapatsa moni wa mutu wokha. Mayi wa masamu uja anayesa kundilankhula, ine n'kumuuza kuti ndili ndi mutu. Masabata anapita chidindo chikugunda kwa ena.

Kumayambiriro kwa Ogasiti kalata inafika. Unduna unali utapeza mnyamata wa dipuloma ya uphunzitsi, wongotuluka kumene kukoleji, ndipo ayamba teremu yotsatira. Ine ankandithokoza chifukwa cha ntchito imene ndinagwira. Ndinaiwerenga nditaimirira pakhonde, ndipo chodabwitsa n'chakuti mkwiyo wonse unaphwa nthawi yomweyo, n'kutsala manyazi okhaokha. Kunalibenso woti ndimukwiyire.

Lolemba lomaliza la teremu ndinadzuka m'mawa, n'kulemba pulani ya mlungu umenewo mmene ankafunira, cholinga pamwamba, nthawi m'mbali, mafunso pansi. Ndinaima pamzere kumbuyo kwa aphunzitsi anzanga. Palibe anaseka. Nthawi yanga itakwana ndinalowa, n'kupinda bondo mmene amayi anandiphunzitsira, n'kupereka buku ndi manja awiri.

A hedi sanatsegule tsamba la mlungu umenewo. Anayambira koyambirira. Belu linalira iwo akuwerenga, ndipo anatuma uthenga kuti ana anga ayambe asesa pabwalo. Anawerenga za Amaravi, za Angoni, za minyanga, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Penapake ankaima n'kubwereza, milomo ikugwedera. Ndinakhala pampando wa alendo pafupifupi maola awiri, ndikumva masamba akutembenuka.

Atafika kumapeto anatseka bukulo n'kuikapo dzanja.

"Ivi vinthu sininaviphunzirepo," anatero. "Ku koleji mbiri anatipasa pang'ono chabe. Nenze kuikonda maningi. Pamene ninamvera kuti kubwera munthu wa digiri ya mbiri, ninauza amai kunyumba kuti manje nizayamba kuwerenga Mande iliyonse."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiitanitse. Ndinati ndinkayembekezera kuitanidwa.

"Munthu wa digiri ningamuitane bwanji monga mwana wa sukulu?" anayankha. "Ninaopa kuti muzakamba kuti mudala afuna kunichepesa. Nenze kusiya chabe chitseko chosegula."

Kunja ana ankakangana za tsache. Kwathu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo wodwala m'mimba ndinali ine, pamene chitseko chinali chotsegula kale. Chaka chonse ndinkafa ndi kusowa munthu woti ndimuuze za mbiri, ndipo munthuyo anali atakhala mapazi makumi awiri kuchoka pabolodi langa, akudikira buku.

Anatsegula tsamba lomaliza, n'kuwerenga pulani ya mlungu umenewo, osapezapo cholakwa. Anasaina. Anadonthezera timadzi pa inki, n'kuzungulitsa timagudumu kufika pa deti ya tsikulo, n'kudinda.

Ndinachoka Loweruka pa thirakitala yomwe ija. Mayi wa masamu anandipatsa kathumba ka mpunga, ndipo nthawi imeneyi ndinamusiyira mbale zanga zonse. Malo ongoyembekezera ngati anga anayamba kusowa, ndipo woyendera sukulu sanandionenso m'kalasi. Maphunziro a uphunzitsi aja sindinachite. Ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa depoti ina ya mbewu ku Chipata, kumene ndinakhala mpaka tsitsi kuyera, ndipo palibe anandifunsapo za Amaravi.

Digiri ija sindidziwa bwinobwino kuti ili m'sutukesi iti. Buku lokha ndimadziwa pamene lili. Ulusi wa feteleza ukadagwirabe. Patsamba loyamba pali mizere itatu yofiira imene ndikanaikonza tiyi asanazizire. Patsamba lomaliza pali chidindo chimodzi, chotuwa chifukwa cha madzi aja, chosonyeza kuti mlungu umene ndinasiya uphunzitsi ndinali wokonzeka kuphunzitsa.